Guluu, Moto, Tepi Kapena Penti? Kukonza Nokha Mapulasitiki a Kunja kwa Galimoto

Musanagule guluu, penti kapena chida china chilichonse, yambani mwachotsa kachidutswa kamene kawonongekako pagalimoto, mukatembenuze, mukapukute matope ndi kuyang'anitsitsa kumbuyo kwake. Mapulasitiki ambiri a magalimoto a masiku ano amakhala ndi tizilembo todindidwa pakati pa zizindikiro ziwiri zooneka ngati mitu ya mivi, mwachitsanzo >PP<, >PP+EPDM<, >ABS< kapena >ASA<, motsatira muyezo wa ISO 11469 umene umathandiza kuti mapulasitiki azisankhidwa mosavuta akatha ntchito. Tizilemboti n'tating'ono, ndipo nthawi zina timaoneka pokhapokha mutaunikira ndi tochi cham'mbali, koma ndi timene tingakuuzeni njira imene ikugwirireni ntchito ndi imene ingokudyereni ndalama. Anthu ambiri amene amadandaula kuti guluu wa masiku ano ndi wachabechabe amakhala kuti amata pulasitiki wa mtundu umene guluuyo sanapangidwire.

PP, amene dzina lake lonse ndi polypropylene, ndiye amapezeka kwambiri m'mabampala, m'mapulasitiki akuda ozungulira matayala ndi a m'munsi mwa zitseko, ndipo akasakanizidwa ndi labala wa EPDM amapindika popanda kuthyoka msanga. Khungu lake limaterera ngati la kandulo, moti madzi amangopangapo timadontho n'kutsetsereka, ndipo guluu wamba nayenso amangoumira pamwamba osagwira. ABS ndi wolimba ndi wosapindika kwenikweni. Iye amapezeka kawirikawiri m'zikuto za magalasi a m'mbali, pa sefa ya kutsogolo imene imalowetsa mpweya ku rediyeta, ndiponso m'zokongoletsa zonyezimira ngati siliva. Ameneyu guluu amamugwira bwino, ndipo asetoni, amene amapezekanso m'mankhwala ena ochotsera penti wa m'zikhadabo, amamusungunula. Ngati zilembo mwazisowa, donthezani asetoni pang'ono pamalo obisika opanda penti: pakafewa n'kuyamba kunanda, ndiye kuti ndi ABS kapena wachibale wake, koma pakangouma osasintha, mwachidziwikire ndi PP. Ena amameta kachipalipali n'kukaponya m'madzi, popeza PP ndi wopepuka kuposa madzi pomwe ABS amamira. Njirayi imasocheretsa nthawi zina, chifukwa PP wothira ufa wa talc, amene amalembedwa T20 kapena TD20, amatha kumiranso.

Mukadziwa mtundu wa pulasitiki, funso lachiwiri ndi la mmene wawonongekera, chifukwa mng'alu, kumatuka, kutuwa ndi kusupuka ndi matenda osiyana. Ndalama zambiri zimalowa m'madzi pa mng'alu, choncho ndiyambira pamenepo.

Njira imene aliyense amathamangira ndi super glue, ndipo ine ndinaiphunzirira pa ngodya ya bampala ya galimoto yanga, imene ndinaikhulitsa pakhoma ndikubwerera m'mbuyo. Ndinadontheza guluuyo mumng'alumo, n'kufinya ndi manja mpaka zala kuuma, ndipo tsiku limenelo ndinagona ndikudzitama. Patangopita masiku ochepa mng'alu unayasamanso, ndipo guluuyo ndinamutokosa ndi chikhadabo n'kutuluka yense ngati nkhanambo ya chilonda, ali woyera ndi wosalala kunsi kwake, umboni woti sanagwire n'komwe. Kumbuyo kwa bampalayo kunalembedwa >PP+EPDM<, koma nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti kumeneko kumawerengedwa. Guluu ameneyu akauma amakhala ngati galasi, pomwe bampala imanjenjemera ndi kupindika paulendo uliwonse, imafutukuka padzuwa ndi kufinyika usiku. Ntchito yake yeniyeni ndi ya tinthu tating'ono ta ABS tosapindika, monga kakhutu kothyoka ka chikuto cha galasi. Pamenepo, mukamuthira mosinthanasinthana ndi soda wophikira, amauma nthawi yomweyo n'kukhala chinthu cholimba chimene mungachipale ndi sandipepa. Muzisamala kuti kusakanizaku kumatentha, ndipo utsi wake umalasa m'maso.

Guluu wa magawo awiri, kaya wa epoxy kaya wa polyurethane, ndi wabwinopo kwambiri, koma ayenera kukhala amene walembedwa kuti ndi wa mapulasitiki kapena wa mabampala, chifukwa epoxy wa zitsulo amauma gwa n'kumasweka pulasitiki akapindika. Pa ABS amagwira mukangokhula ndi sandipepa wa nambala 80 ndi kupukuta. Pa PP pamafunika kupopera kaye mankhwala otchedwa adhesion promoter, amene amayala kakhungu kopyapyala kogwirizanitsa pulasitiki ndi guluu. Mukawadumpha, mwabwerera ku nkhani yanga ija. Ubwino wa njirayi ndi woti safuna moto kapena luso lapadera, imadzaza pamene papunguka kachidutswa, ndipo ikauma imapalika bwino n'kulandira penti. Kuipa kwake kuli m'thumba. Mukaphatikiza guluu, mankhwala opopera aja ndi nsalu ya fibreglass yolimbitsira kumbuyo, mumapeza kuti pa kanthu kakang'ono mwawononga ndalama zoyandikira mtengo wa china cholowa m'malo, komanso guluu wotsala sachedwa kuumira m'chubu. Ndimaisankha pamene mng'alu uli pabampala ya penti imene ndikufuna kuti isalale ngati kale.

Pa PP wakuda wopanda penti, njira imene ndimaikhulupirira koposa ndi kuwotcherera, ndipo ndi imenenso imatchipa ngati muli kale ndi chitsulo chamagetsi chowotcherera mawaya, chija amati soldering iron. PP amasungunuka pa madigiri a pakati pa 160 ndi 170, ndipo mbali ziwiri za mng'alu zikasungunukira pamodzi zimasanduka chinthu chimodzi, moti vuto la khungu loterera lija silikhalaponso. Lamulo lake ndi limodzi lokha losaphwanyika: chodzazira chiyenera kukhala cha mtundu womwewo. PP sagwirana ndi ABS ngakhale mutatenthetsa motani, ndipo tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya, timene ambiri amakonda kusungunulira mumng'alu, kawirikawiri timakhala ta nayiloni, choncho timangokhalapo ngati chigamba chosasoka. Chodzazira chabwino ndi timizere todula ku bampala yakale yokhala ndi zilembo zofanana ndi zanu, kapena kumphepete kobisika kwa chidutswa chomwecho.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Tsukani mbali zonse ziwiri ndi sopo, ndipo zikauma mupukute ndi isopropyl alcohol, spiriti woyeretsera amene amauma msanga. Pamene mng'alu wathera bowolanipo kabowo ka mamilimita awiri kapena atatu, kuti usapitirire kung'aluka pamene mukugwira ntchito. Lumikizani milomo ya mng'aluwo mpaka ifanane, muimate ndi tepi ya aluminiyamu kumaso, kenako mutembenukire kumbuyo ndi kubaya ndi nsonga ya chitsulo chotentha pa masentimita awiri kapena atatu alionse, monga mmene telala amayambira ndi kulumikiza nsalu asanasoke zenizeni. Mukatero tsatirani mng'alu wonse mukukumba kangalande kofika pafupifupi theka la kuchindikala kwa pulasitikiyo, n'kumasungunuliramo kamzere kodzazira kaja. Chimene oyamba kumene amalakwitsa ndi kusungunula chodzazira chokha n'kumachipaka ngati phula pamwamba pa pulasitiki wozizira, pomwe zonse ziwiri ziyenera kufewa nthawi imodzi. Mudzadziwa kuti zikuyenda pamene m'mphepete mwa ngalandeyo muyamba kunyezimira ngati mwanyowa, ndipo chodzaziracho chikulowa chokha osachikankha mwamphamvu. Utsi ukayamba kufuka, pulasitiki n'kusanduka wabulauni, dziwani kuti mwapsereza, ndipo malo opserera amakhala ophwanyika kuposa mng'alu woyamba uja. Zimitsani chitsulocho kwa kamphindi. Pomaliza, dulani kachidutswa ka sefa ya waya wosachita dzimbiri, mukagoneke modutsa mng'aluwo ndi kukadinikiza ndi chitsulo chotentha mpaka kamire mkati. Lekani pazizire pokha, osathirapo madzi.

Pali kachipangizo kena kotchedwa hot stapler, kamene kamatenthetsa timawaya topindikapindika n'kutimiza mu pulasitiki modutsa mng'alu. Kamafulumiza ntchito ndipo n'kothandiza kwambiri pa makutu omangira bampala, amene amasenza katundu, koma timawayato timangogwira milomo kuti isatalikirane, mng'alu weniweniwo ulipobe mpaka mutawotcherera kapena kudzaza. Wokhala ndi mng'alu umodzi wokha alibe chifukwa chokagulira.

Kuwotcherera kuli ndi zovuta zake ziwiri zimene ndiyenera kuzinena poyera. Choyamba ndi utsi: ntchitoyi ichitikire panja kapena pamalo opita mphepo, makamaka pa ABS amene fungo lake limapweteketsa mutu, ndipo chilichonse cholembedwa >PVC< musachiyandikize moto chifukwa chikapsa chimatulutsa mpweya wa asidi wowononga mapapo. Chachiwiri ndi maonekedwe. Mapulasitiki akuda amakhala ndi khungu la timiyalamiyala limene linadindidwa kufakitale, ndipo mukangolisalaza ndi moto silibwereranso. N'chifukwa chake ntchito yonse iyenera kuchitikira kumbuyo, kumaso n'kungotsala kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Kamzere kameneko kavomerezeni; amene amayesa kukafufuta ndi chitsulo chotentha amatsala ndi chipsera chonyezimira chimene chimaonekera patali.

Pa ABS pali njira ina yotchipa kuposa zonsezi. Dulani tizidutswa ta ABS wakale, mutiike m'kabotolo kagalasi kotseka bwino, muthiremo asetoni ndi kusiya usiku wonse. M'mawa mupeza phala lakuda lonanda limene mukalipaka mumng'alu limasungunula milomo yake n'kugwirana nayo, ndipo asetoni akauluka pamatsala ABS yekhayekha. Pakani mopyapyala kangapo, chifukwa phala lochindikala limauma pamwamba pokha n'kutsekera thovu mkati, ndipo mudikire tsiku lathunthu musanabwezere chidutswacho pagalimoto. Asetoni amayaka msanga ndiponso amadya penti, choncho ntchitoyi ichitikire kutali ndi moto komanso kutali ndi galimotoyo.

Nkhani ya mizere ya m'mbali mwa zitseko ndi zilembo za dzina la galimoto imene yamatuka ndi yosavuta, ngakhale kuti ndi imene imaonongedwa kwambiri ndi anthu a phuma. Zinthu zimenezi zambiri zimachoka kufakitale zitamatidwa ndi tepi ya thovu ya acrylic yomata mbali zonse ziwiri, ndipo palibe chimene chimaposa kubwezera tepi ya mtundu womwewo. Super glue amasiya banga loyera papenti ndipo tsiku lodzachotsa amanyamula penti yemwe. Silikoni amagwira mofooka, amatuluka m'mbali n'kumakola fumbi. Zomangira zachitsulo ndiye zoipitsitsa, pakuti bowo lililonse pachitseko ndi khomo la dzimbiri. Tepi yamaofesi kapena ya makapeti nayo imalefuka ikangomva dzuwa ndi mvula.

Mzere ukamatuka mbali imodzi, ndi bwino kuuchotsa wonse. Lowetsani ulusi wowedzera nsomba kumbuyo kwake n'kumacheka ngati sowo, kenako mukunkhunize zotsalira za tepi yakale ndi chala, mupukute ndi isopropyl alcohol mpaka kansalu kazibwerako koyera. Musanachotse mzerewo matani tepi ya pepala m'mphepete mwake kuti ikusonyezeni pobwezera, chifukwa tepi yatsopano ikangokhudza penti sikupatsaninso mpata wowongola. Kampani ya 3M imanena za matepi ake a mtundu umenewu, otchedwa VHB, kuti amafika pafupifupi theka la mphamvu yake pakatha mphindi 20, magawo 90 pa 100 alionse pakatha maola 24, ndi mphamvu yonse pakatha maola 72, ndiponso kuti ambiri mwa iwo sayenera kumatidwa kukazizira kutsika madigiri 10. Tanthauzo lake kwa inu ndi loti mudinikize mwamphamvu mzere wonse, ndipo galimotoyo isatsukidwe kwa masiku atatu. Mzere umene wapotoka uyambe wagonekedwa padzuwa kapena m'madzi otentha mpaka uwongoke, apo ayi udzakoka tepi pang'onopang'ono mpaka kumatukanso nsonga yomweyo. Pamene pamagwira ndi timapini ta pulasitiki, gulani tatsopano basi. N'totchipa, ndipo kapini kothyoka sikamatika.

Kutuwa ndiko kumene kuli mankhwala ambiri ndi mabodza ambiri. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya kakhungu kakunja ka pulasitiki n'kusiya timing'alu tosaoneka ndi maso, timene timamwaza kuwala, n'chifukwa chake chakuda chimaoneka ngati chagwera m'phulusa. Komabe musanaweruze kuti ndi dzuwa, tsukani ndi sopo ndi burashi yolimbirako, chifukwa mabanga ena oyera amakhala polishi wa galimoto amene anaumira m'timaenje ta khungulo, ndipo amachoka ngakhale ndi labala wofufutira pensulo.

Mafuta, kaya ophikira kaya a injini, amadetsa pulasitiki kwa masiku owerengeka, kenako amakola fumbi n'kuyenderera pachitseko mvula ikagwa. A injini amafufumitsanso labala wa EPDM wa m'mphepete mwa mawindo. Mafuta a mabuleki, amene ena amawatama kuti amadetsa bwino, amasupula penti, moti sayenera kuyandikira kunja kwa galimoto. Mankhwala ogula a silikoni ndi aukhondo kuposa amenewa koma nawonso amasukuluka mukatsuka kangapo, ndipo ali ndi msampha wake: silikoni amalowerera m'timing'alu tija, ndipo tsiku limene mudzafune kupenta, penti adzathawa malo amenewo n'kusiya timaso tozungulira. Ngati mumtima muli maganizo odzapenta, silikoni mulekeni kuyambira lero.

Mpweya wa heat gun, chipangizo chamagetsi chouzira mpweya wotentha kwambiri, ndi umene umakopa anthu m'mavidiyo a pa intaneti, ndipo kunena zoona umasangalatsa kuonera, pakuti kutuwa kumathawa pamaso panu ngati mthunzi. Chimene chimachitika n'choti kakhungu kophwanyika kaja kamasungunuka n'kusalala. Palibe chimene chawonjezedwa choteteza ku dzuwa, choncho kutuwako kumabwerera, ndipo kubwerezabwereza kumaumitsa pulasitiki mpaka kuyamba kuthetheka. Dzanja likangochedwa pamalo amodzi pamatsala mizeremizere ngati ya mbidzi, kapena pulasitiki amapotoka, ndipo penti wapafupi amatha kutukusira. Ine ndimaiona ngati njira ya munthu amene akukongoletsa galimoto kwa sabata imodzi yokha.

Zokhalitsa ndi ziwiri. Pali mankhwala okhala ndi utoto wakuda amene amalowerera mu pulasitiki, ndi ena ouma gwa otchedwa ceramic. Onsewa amapakidwa ndi kasiponji pa pulasitiki wotsukidwa bwino, amasunga maonekedwe a khungu lija, ndipo amatha miyezi yambiri. Kwa ambiri ndi pamenepa pamene ndalama ndi khama zimalingana ndi zotsatira. Koma pulasitiki akafika poti mukamukanda ndi chikhadabo amagwetsa ufa, kapena ngati mwawotcherera ndipo mukufuna kubisa chipsera, chotsala ndi penti wopopera wa mabampala. Khulani mopepuka ndi sandipepa wa nambala 400 kapena 600, pukutani, poperani adhesion promoter, kenako penti kawiri kapena katatu mopyapyala mutatalikira masentimita 20 kapena 25, mukudikira mphindi zimene zalembedwa pachitini. Penti wochindikala amakwirira timiyala ta khungulo ndipo amayenderera. Chidutswa chimene chingachotsedwe pagalimoto chichotsedwe, popeza nthawi imene mungathe pophimba galimoto ndi mapepala imaposa ya kumasula timapini, ndipo m'mphepete mobisika ndi mmene penti amayambira kusupuka.

Zonyezimira ngati siliva zilibe nkhani yaitali. Zambiri ndi ABS wokutidwa ndi kopa, nikelo ndi chrome pogwiritsa ntchito magetsi, ntchito imene singachitikire pakhomo. Zikayamba kutukusira ndi kusupuka, timapepala tachitsulo timeneto timacheka zala ngati lezala, ndipo penti wa m'chitini wolembedwa chrome amangotulutsa siliva wozimirira amene amaipa kwambiri akayandikana ndi chrome weniweni. Chanzeru ndi kusupula zonse zotayirira, kusalaza malire ake ndi sandipepa, n'kupenta chidutswa chonsecho chakuda pamodzi ndi chinzake cha mbali inayo kuti zifanane, kapena kuchikuta ndi pepala lomata la vinyl ngati chilibe ngodya zambiri. Mizere ya zitsulo zenizeni ndi yosiyana: yosachita dzimbiri imawala ndi polishi wa zitsulo, pomwe ya aluminiyamu imene yachita mkaka imafuna kupala kakhungu kake konse, ndipo mukakapala muyenera kumaipukuta kawirikawiri kapena kuipaka vanishi.

Pali malo amene sindingalangize munthu kuti apulumutsirepo ndalama. Mabampala a magalimoto atsopano amakhala ndi timaso tothandiza poimika galimoto, ndipo ena amabisa radar, kachipangizo koyeza kutalika kwa galimoto zina ndi zinthu zapafupi, kumbuyo kwa ngodya kapena kwa chizindikiro cha kutsogolo. Sefa ya waya, guluu wochindikala kapena penti wambiri pamalo amenewo zingasokoneze zipangizozo popanda inu kudziwa, choncho chidutswa chotero chisinthidwe kapena chionedwe ndi makaniko wodziwa. Chimodzimodzinso pulasitiki amene waphwanyika zidutswa zambiri, kapena amene wauma moti mukamupinda pang'ono amalira n'kung'aluka pena.

Pamenepo njira yotchipa ndi kufunafuna chidutswa cha galimoto yophwasulidwa, ndipo ndi bwino kufunsa mtengo wake musanagule guluu ndi penti, osati mutalephera kale. Pitani ndi chakalecho m'manja kuti mufananize, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana makutu omangira malinga ndi chaka, ndipo nambala ya chidutswacho imadindidwa kumbuyo pafupi ndi tizilembo ta mtundu wa pulasitiki tija. Kumaso kukhoza kukhala kotuwa, zimenezo mwaona kale mankhwala ake. Inu werengani makutu onse ngati alipo, muyang'ane ngati palibe amene anamatidwapo kale, ndipo mupinde kangodya kamodzi pang'ono kuti mumve ngati pulasitikiyo akadali wofewa. Chakale chija musachitaye mukabwerako, chifukwa ngati chalembedwa >PP<, mudzadulako timizere todzazira mng'alu wotsatira.